Nyali Yachiwiri Yafika ku Boma

Luangwa Boma,
19 Okutobala, 2024.

Okondedwa alongo anga a Jeff,

Ndiyambe ndi kufunsa za chifuwa chija munatchula m'kalata yanu yapita. Munalemba kuti chapola, koma ine ndimakudziwani, inu olo mwendo utathyoka mukhoza kunena kuti ndi kachilonda chabe. Ngati chikali kukuvutani, pemphani akuperekezeni ku kiliniki ya m'ndendemo, musachite manyazi. Ife kuno tili moyo, dzuwa lokha ndilo lakwiya. Okutobala wa kuno ku Feira mumamudziwa, koma wa chaka chino wapyola onse amene ndikumbukira. Kukangocha pang'ono mchenga supondeka ndi phazi, mbuzi zimathawira pansi pa mathiraki a nsomba, ndipo ana a m'kalasi mwanga akafika masana amangogona pa madesiki, ine n'kuwaleka. Mtsinje wa Luangwa waphwa, pakati pake patuluka zilumba za mchenga zimene sitinazionepo.

Kwa amayi ku Mphuka ndinapitako Sande yatha. Ali bwino, mawondo okha ndiwo akuwavuta. Kumunda chaka chino sanapeze kanthu, monga aliyense, koma akusungirani kathumba ka masau ouma ndipo salola munthu kukakhudza. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati ndikuuzeni kuti muzidya chilichonse chimene akupatsani, musasankhe.

Ndidziwa kuti kalata iyi iyamba yadutsa m'manja mwa oyang'anira ndende isanafike kwa inu. Bwana amene mukuwerenga, mukapeza nkhani za malupanga, zinjoka zamapiko ndi kuthyola maloko, musadabwe. Ndi gemu ya pa kompyuta chabe, ndipo alongo angawa akhala akundivutitsa nayo m'kalata iliyonse.

Inde, a Jeff, gemu yanu ija, Nyali yachiwiri, yatuluka, ndipo ili m'nyumba muno. Dzina lake lenileni la Chingerezi limandipinda lilime, ndiye ndingoitchula monga tinkatchulira yoyamba ija. Mnzanu Robson anabwera nayo kuchokera ku Lusaka kumayambiriro kwa mwezi, naiika mu laputopu yanu. Anakhala masana onse akulimbana nayo, thukuta lili kamukamu, chifukwa laputopu yanu yakalamba ndipo gemuyi ndi yolemera. Anachepetsa zina ndi zina kuti iziyenda. Akuti mithunzi ndi udzu sizikuoneka bwino monga pa makompyuta atsopano, koma ine sindiona chosowa. Tikayatsa, fani yake imalira ngati chigayo. Timaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izipita pansi, ndipo pawindo timakolowekapo chitenje chonyowa. Malaiti amabwera nthawi imene afuna okha, choncho akangobwera timasiya zonse, olo mbale zili m'madzi.

Ndikuti timasiya chifukwa sindisewera ndekha. Mwana wanu Lena akukhala ndi ine masiku ambiri, popeza amake, alamu anga a Madalena, ali pa msewu ndi nsomba zawo, sabata ino ku Lusaka, sabata inayo kuno. Chichokereni inu, Lena laputopu ija sanaikhudzepo, ankangoidutsa ngati mpando. Tsiku loyamba ndinakhala ndekha patebulo, ine yemwe ndinkakunyozani kuti mwamuna wandevu amatha Sande yonse akumenyana ndi zidole. Ndinayesa kuyenda, munthu wanga n'kumangogunda khoma. Ndikati nditembenuke, ndimapezeka ndikuyang'ana kumwamba. Lena anaima pakhomo akuyamwa mabuyu a mlambe, mpaka analephera kupirira. Anabwera nati, "Anti, sunthani, mumupweteka." Tinayambanso poyambirira. Kuchokera tsikulo iye ndiye amagwira mabatani, ine ndimawerenga Chingerezi cha anthu a m'menemo, chifukwa amakamba kwambiri ndipo mawu ena ndi akalekale, mwana wa giredi sikisi sangawamve.

Munandipempha kuti ndikuuzeni zonse, zabwino ndi zoipa, ndiye tamverani.

Poyamba penipeni gemu inafufuza mu laputopu n'kupeza ulendo wanu wakale uja munamaliza. Inafunsa ngati tifuna kupitiriza m'dziko lomwelo, ife tinavomera, ndipo zonse zimene munachita m'Nyali yoyamba zikukumbukika muno. Nkhani ikuchitika patapita zaka zambiri. Chimwala, ngwazi yanu ija ya lupanga lalitali, anakalamba n'kumwalira mwamtendere pakama pake, musadandaule. Anamuimikira chifanizo chamwala pakati pa mzinda waukulu, nkhunda zimatera pamutu pake. Lena atachiona anati mphuno aikulitsa kwambiri. Ndinamukumbutsa kuti anaikulitsa ndi inu, ndipo iye anali pamiyendo panu akuseka tsiku limene munkaisankha.

Nyali ija munayatsa pamwamba pa nsanja yayamba kuzilala. Kuwala kwake kukamachepa, nkhungu yozizira imatsika m'mapiri, ndipo m'nkhungumo mumatuluka zinthu zoopsa, zina ngati afisi oyenda ndi miyendo iwiri. Ntchito ya ngwazi yatsopano ndi kukapeza chimene chikumwa mafuta a nyaliyo. Ife sitinachidziwe, tikali kumayambiriro. Mapu ndi aakulu kuposa akale aja ndipo tangoyenda kangodya kamodzi.

Munkadandaula kuti m'yoyamba munalibe khungu lathu, munkachita kusankha pakati pa mzungu ndi mzungu wopsa ndi dzuwa. Manje lilipo, ndi tsitsi loluka lomwe. Lena anatha nthawi yaitali akupanga munthu wake: mtsikana wamfupi, wakuda bwino, wa uta ndi mivi, wa chipsera pachibwano ngati chake chija cha njinga. Anamutcha Kamasau. Anthu a m'gemu satha kutchula dzinalo, amangomuitana kuti mlendo, koma limalembedwa pa sikirini ndipo Lena zimamukwanira.

Madzi a m'gemu iyi, a Jeff, mukanawaona. Amayenda, amanyezimira, masamba amagweramo n'kumapita. Tsiku lina kutatentha kwambiri tinaimitsa Kamasau pansi pa mathithi, osachita chilichonse, ife tili phee kumvera madziwo akugwa, ndipo ndikulumbira kuti m'chipinda munazizira pang'ono. Kumapiri kuli sinowo, yoyera ngati ufa. Munthu akayendapo mapazi amatsala, ndiye Lena amayenda mokhotakhota kuti alembe chilembo cha dzina lake, adani akumudikira kutsogolo. Nyimbo nazo ndi zabwino. Tikalowa m'nkhalango pamamveka mawu a mzimayi akuimba popanda mawu enieni, moti aneba anandifunsa kuti ndi kwaya ya mpingo uti.

Mukumukumbukira Olumu, wosula zitsulo wamfupi uja wa ndevu zoluka, amene munamupulumutsa m'phanga m'malo motenga chuma? Ali moyo. Ndevu zayera, nkhwangwa yake anaikoloweka pakhoma, ndipo manje ali ndi nyumba ya alendo pamphambano. Titamufunsa za Chimwala anati anali munthu wolimba mtima koma wa mkonono woopsa, adani ankadziwa pomwe agona ali kutali. Apa Lena anaseka mpaka kutsamwa. Ndinali ndisanamve kuseka kotere m'nyumba muno kwa nthawi yaitali.

Zimene sindinakonde nazonso zilipo. Ndewu azisintha. M'yoyamba munkamenyana mosinthana, inu mumenye, mdani amenye, munthu n'kukhala ndi nthawi yoganiza. Ndikumbuka nthawi zina munkapita kukamwa madzi chinjoka chikukudikirani. Muno zonse zimachitika nthawi imodzi, kuthawa, kulasa, kumwa mankhwala, ndipo ukachedwa pang'ono wafa. Pali batani loimitsa zonse kuti uganize, koma ine ndimalikumbukira nditafa kale. Ndiganiza kuti inu mudzayamba mwakwiya nazo, kenako mudzazolowera. Zala za Lena zinazolowera tsiku lomwelo.

Anaikamonso kuwedza, koma amene anapanga gemuyi sanawedzepo. Munthu amaimirira chilili mu mwadiya, kabwato kakang'ono ngati ka ku Mphuka, osagwedezeka n'komwe. Akaponya mbedza nsomba yafika kale. Amaiika m'thumba limodzi ndi malaya ndi buledi, n'kuyenda nayo masabata, osaola. Mtsinje wake ulibe ngwena, ulibe mvuu, anthu amasambira mpaka pakati. A Madalena anaonerera tsiku lina akuchokera ku basi, anagwedeza mutu n'kunena kuti nsomba zikanakhala zaulemu choncho, bwenzi iwo atasiya kalekale kuvutika ndi mchere.

Chimene chinandinyansa kwambiri ndi khalidwe. Umalowa m'nyumba ya munthu popanda odi, mwini wake ali pomwepo, umatsegula mabokosi ake, iye n'kumangokuuza za nyengo. Ine ndinamuletsa Lena. Anati adadi ankatenga zonse, ndi masupuni omwe. Ndinamuyankha kuti zimenezo zinali za Chimwala, koma malinga ndikuwerenga ndine, Kamasau akhala mwana woleredwa. Komanso anthu ake amatuma. Dziko likutha, nkhungu ikudya midzi, koma bambo wina akufuna umupezere mbuzi yake yosochera, mayi wina akufuna bowa. Mbuziyo tinaipeza, ndipo inativutitsa kuposa afisi aja. Hatchi yathu nayo ili ndi vuto, tikaisiya pakhomo nthawi zina timaipeza yaima pa denga. Robson akuti zimenezo adzazikonza okha opanga gemu, koma Lena safuna kuti azikonze.

Munafunsanso za a Fidelis ndi za tsiku la ukwati wathu. Transifa yawo ya ku Chongwe inatuluka, anapita mwezi watha. Anafuna kuti nanenso ndipemphe yanga, ine ndati ndione kaye chaka chithe. Timakamba pa foni, ngakhale si kawirikawiri. Musaganize zambiri, ndipo m'kalata yanu musazitchule. Kuno kuli ntchito.

Ndadzaza masamba ndi mahatchi ndi nsomba, a Jeff, koma chimene chandikhazika pansi lero ndi china. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Tsiku lija la ku khoti, asanakukwezeni m'galimoto, munatigwira manja ine ndi a Madalena n'kutipempha chinthu chimodzi, kuti Lena asadziwe. Timuuze kuti mwapeza ntchito ku migodi ku Solwezi. Munati mukhoza kupirira zonse, koma osati maso a mwana wanu atadziwa kuti atate ake ndi mkaidi. Tinasunga mawu anu. Amayi nawo anasunga, ngakhale mudziwa mmene amadanira ndi bodza. Makalata anu ndinkamuwerengera ndikudumpha mizere, pena n'kuwonjezera za mgodi zimene ineyo sindizidziwa.

Loweruka lapitali malaiti anabwera masana, tinayatsa. Tinali mumsika wa mzinda waukulu uja, tikufuna kugula mivi. Lena ananyamuka kukamwa madzi, nandisiyira mabatani, nandichenjeza kuti ndisakhudze kanthu. Ine ndinaona mayi wogulitsa buledi ndipo ndinafuna kungomupatsa moni. Ndinadina batani lolakwika. Buledi anachoka patebulo la mayiyo n'kulowa m'thumba la Kamasau. Mayi uja anakuwa, alonda a mikondo anatizungulira, mawu anatuluka pa sikirini, ine ndi mantha ndinasankha kudzipereka. Ine yemwe ndinkaletsa masupuni. Pamene Lena ankabwerera ndi kapu yake, anapeza Kamasau ali m'ndende, uta wake atamulanda.

Kanali kachipinda kamiyala, pansi pali udzu wouma, pakona pali chidebe. Pamwamba panali kawindo kakang'ono ka zitsulo, ndipo kuwala kunkalowera pamenepo n'kugwera pansi, fumbi likuoneka m'kuwalamo. Gemu inatipatsa zosankha: kunyengerera mlonda, kuthyola loko ndi kafupa, kapena kugona pa udzupo n'kudikira masiku athe.

Ine ndinali kuseka, ndikupepesa, ndikuyembekeza kuti andikalipira. Sanandikalipire. Anakhala pansi, naika kapu patebulo, nagwira mausi. Anamutembenuza Kamasau pang'onopang'ono, akuyang'ana makoma, chitseko, chidebe chija. Kenako anamuyang'anitsa kumwamba, pa kawindo kaja, n'kumusiya choncho. M'chipinda munkangomveka fani.

"Anti," anatero osandiyang'ana, "kumene kuli adadi kuli windo?"

Ndinayamba kunena kuti nyumba za ku migodi zonse zili ndi mawindo, koma mawu anathera pakati. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanali wokwiya. Anandiyang'ana mondimvera chisoni, ngati mwana ndine.

"Ndidziwa," anatero. "Ndinadziwa kale, mvula isanathe."

Anandifotokozera mofatsa, ngati akuyankha funso m'kalasi. Ku sukulu ana anayamba kukamba sabata yomweyo ya mlandu wanu, chifukwa makolo awo ena analipo ku khoti. Poyamba sanakhulupirire. Koma mnzake wina atate ake alidi ku Solwezi, ndipo amaimba foni Sande iliyonse, ndiye anadziwa kuti netiweki kumeneko iliko. Anafunsapo amake kamodzi chifukwa chake inu simuimba. A Madalena anamuyankha kuti muli bize, kenako analowa ku bafa n'kukhalako nthawi yaitali, potuluka maso ali ofiira. Kuyambira pamenepo sanafunsenso, kuopa kuwaliza. Ndikamamuwerengera makalata anu, akuti ankadziwa pomwe ndadumpha, chifukwa mawu anga amasintha.

Ndinaganiza kuti zathera pamenepo. Ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire, koma iye anali ndi funso lina, ndipo analifunsa motsitsa mawu.

"Munthu uja adadi anapha, anali ndi ana?"

A Jeff, kutentha konse kuja, ine ndinazizidwa. Mnzake wina wa m'kalasi anamuuza kuti inu munawombera sikauti, mlonda wa nyama, m'tchire, ndipo simudzatulukanso. Popeza ife akuluakulu tinali kumunamiza, iye anaona kuti nkhaniyo iyenera kukhala yoopsa choncho, apo ayi sitikanabisa. Mwana wanu wayenda ndi zimenezi yekha kuchokera nthawi ya mvula mpaka Okutobala uno. N'chifukwa chake laputopu yanu sankaikhudza. N'chifukwa chake popita ku sukulu ankazungulira njira ya ku msika, kuopa kudutsa pa nyumba za masikauti, kuti angakumane ndi ana amasiyewo. Ine ndinkaona kuti wachepetsa kudya ndi kukamba, koma ndinkati n'kukula. Ndine mphunzitsi, ndimaona ana a eni tsiku ndi tsiku, koma wa m'nyumba mwanga sindinamuone.

Ndinamuuza zonse. Kuti simunaphe munthu, ndipo mfuti simunaigwirepo chibadwire. Kuti munanyamula matumba a nyama ya m'tchire yowamba m'galimoto yanu, mutatumidwa ndi anthu ena, ndipo munkadziwa chimene chinali m'matumbamo. Kuti anakugwirani pa msewu, ndipo ku khoti munavomera nokha popanda kuzungulira. Kuti mudzatuluka iye atamaliza giredi seveni. Sindinakuyeretseni, a Jeff, ndipo sindinakudetseni. Ndinanena monga zinachitikira.

"Nyama chabe?" anafunsa.

"Nyama," ndinatero, "koma ndi mlandu, ndipo adadi ako adziwa kuti analakwa."

Anandiuza kuti ndibwereze za mfuti zija, ndinabwereza. Kenako anaika mutu patebulo pambali pa laputopu n'kulira. Sanalire mokweza. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka, ine ndikumusisita pamsana, nanenso misozi ikugwera pa chitenje. Tinakhala choncho nthawi yaitali, Kamasau akali kuyang'ana pa kawindo kake.

Atatonthola anapukuta nkhope ndi malaya, nagwiranso mausi. Loko sanathyole. Anasankha kugona pa udzu n'kudikira. Sikirini inada, ndipo tisanapume n'komwe chitseko chinali chotsegula, mlonda akumubwezera uta, akuti masiku ake akwana. Lena anangoti, "Kuno n'kosavuta." Tinatuluka, tinakagula mivi ija. Funso lake la windo sindinaliyankhe, chifukwa sindidziwa. Tikabwera kudzakuonani timangofika pa chipinda cha alendo, ndipo inu za mkati simutiuza.

A Madalena anafika Lachiwiri. Ndinawauza pabwalo akutsitsa madengu, ndikuopa kuti anena kuti ndawalanda udindo wawo. Anakhala pa dengu lopanda kanthu, manja ali pamawondo. Nditafika pa nkhani ya sikauti ija, anatseka maso. Pomaliza anangoti, "Mulamu, Solwezi inanditopetsa." Madzulo a tsikulo anatenga mphasa n'kukhala ndi mwana wawo pansi pa mtengo, akukamba Chikunda chawo motsitsa. Ine ndinawasiya, ndinapita kwa aneba. Zimene anakambirana ndi zawo, koma Lena tsopano akudya, ndipo Lachinayi ndinamuona akupita ku sukulu njira yachidule.

Ngati pali wokwiyira, mukwiyire ine, osati a Madalena. Pempho lanu ndinalisunga mpaka pamene ndinaona kuti likupweteka yemwe munkafuna kumuteteza. Munkaopa maso ake. Ine ndawaona maso amenewo, a Jeff, pamene ankamva zoona, ndipo chimene mumaopa munalibe. Munali mpumulo.

Manje pempho ndi langa. Lena afuna kubwera kudzakuonani masukulu akatseka mu Disembala. Sanandipemphe molira, anangofunsa kuti basi yake imanyamuka nthawi yanji ndiponso ngati amalola kulowa ndi masau. Mufunse kwa oyang'anira ngati mwana wa msinkhu wake amaloledwa, ndi zimene tiyenera kubweretsa. Ndidziwa kuti yunifomu ija simufuna kuti akuoneni nayo. Muganizire bwino, simuyenera kuyankha lero. Koma muzikumbukira kuti chimene anali kuchiona m'mutu mwake miyezi yonseyi chinali choipa kuposa yunifomu.

Nditauza a Madalena, amayi ndinawatumizira uthenga kuti mdzukulu wawo wadziwa. Anabweza mawu akuti ayamika Mulungu, chifukwa anatopa kuyang'ana pansi mwana akamawafunsa za migodi. Akupatsani moni. Robson akupatsani moni, akuti gemu yake sanapite nayo patali, afuna mudzamalizire limodzi, ngakhale ine sindimukhulupirira. A Madalena abwera okha kumapeto kwa mwezi ndi sopo ndi mafuta odzola, ndipo ali ndi mawu awo amene sananditume. Aneba onse afunsa za inu, tsopano ndimawayankha osayang'ana kaye ngati mwana ali pafupi.

Lena ali pano pambali panga, akudikira kuti ndimalize. Ndamufunsa ngati afuna kulemba yekha pansi apa, wati ayi, ayamba waona kaye ngati mumulembera. Koma wandituma uthenga, ndipo wati ndiulembe monga waunenera:

"Muwauze adadi kuti pa mlatho wopita kumapiri pali chimphona cha nyundo. Mivi ingogwa pakhungu pake. Chandipha kambirimbiri. Anene chochita."

Ndamuuza kuti tikhoza kuimbira Robson, kapena kufufuza pa foni, yankho tilipeza lero lomwe. Wakana. Ndamuuza kuti inu gemuyi simunaionepo, wati zilibe kanthu, adadi zimphona amazidziwa. Ndamuuza kuti kalata imachedwa, wati adikira. Kamasau wamanga msasa tsidya lino la mlatho, wakoleza moto.

Yankho mulembere iye mwini, pa envulopu pakhale dzina lake. Sindidzamuwerengera, adzatsegula yekha.

Mulungu akusungeni, alongo anga, ndipo chifuwacho musachibise.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Esnart.